Dimba la pakhomo m'chilimwe: nkhani ndi madzi

Kuyambira Seputembala mpaka Okutobala chisanu chimakhala chatha, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanayambe. Madimba ambiri a m'tauni amafera pamenepa, bilu ya madzi itakwera koma ndiwo osaoneka.

Zobzala: Repu, mpiru ndi chayinizi zimakonda kozizira. Kukatentha zimathamangira maluwa, masamba n'kumachepa. Nyengo ino bzalani bonongwe, therere, nkhwani ndi chitambe. Bonongwe mumayamba kuthyola pakangotha masabata 3 kapena 4.

Kuthirira: Thirirani m'mamawa kapena madzulo, patsinde osati pamasamba. Madziwo alowe pansi ndithu. Kumangowaza pamwamba kumachititsa kuti mizu isazame, ndiye tsiku limodzi mipope ikangouma, mbewu zimafota. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo osataya, ndi a kudimba amenewo.

Kuphimbira: Yalani udzu wouma kapena mapesi pabedi, koma zisagunde tsinde. Chinyezi chimakhalitsa, udzu wosafunika sumeranso kwambiri.

Manyowa: A nkhuku ndi amphamvu, koma akakhala osawola amawotcha mbewu. Asiyeni pamulu awolerane kaye.

Tizilombo: Nsabwe ndi akangaude ofiira zimachuluka kukamatentha. Muzisuzumira kunsi kwa masamba. Madzi a masamba a nimu osinja, othiramo sopo pang'ono, amathandiza mukapopera madzulo.

Malo: Ngati muli pa lendi, thumba la makilogalamu 50 ndi dimba kale. Thiranimo dothi losakaniza ndi manyowa, boolani m'mbali, bzalani m'mabowomo. Posamuka mumangonyamula.