MBIRI YA MALIRE A KU LUKUSUZI

Munthu akamayenda pa mseu wocokera ku Chipata kunka ku Lundazi, ku dzanja lace lamanzere kuli nkhalango ya Lukusuzi, yochedwa ndi dzina la mtsinje umene utsikira ku Luangwa. Ndi dziko la miombo ndi mapiri a miyala, lalikulu masikweya kilomita 2,720, ndipo lamulo silola munthu kumangamo mudzi kapena kulimamo munda. Ku dzanja lamanja, kutsidya kwa malire a Malawi, kuli nkhalango inzace ya Kasungu. Pakati pa ziwirizi pali midzi ya anthu a Mfumu Chikomeni ndi Mfumu Mwasemphangwe. Tiyenera kufunsa: kodi ndani ananena kuti apa mpa anthu, apo mpa nyama?

Kale nchito yogawa dziko inali ya mafumu. Mfumu yaikulu inali mwini dziko, ndipo mafumu a midzi ndiwo anali kulozera munthu pomanga ndi polima. Panali malo amene khasu silinali kufikako, monga kumanda ndi kudambwe. Chire silinali kutenthedwa cisawawa, uzimba unali ndi mwini wace, ndipo njobvu ikaphedwa, mnyanga wogona pansi unali wa mfumu. Malire anali mtsinje, culu kapena mtengo wodziwika. Sanalembedwe pa pepala ai, koma analimba cifukwa anali kupangidwa pa bwalo, anthu akumva, ndipo wophwanya anali kuweruzidwa pa bwalo lomwelo.

Azungu anadza ndi njira yina, ndiyo ya mapu. Kuti tiimvetse tiyambe tapenya kumwera, ku maiko a Fort Jameson (ndiye Chipata wa lero) ndi Petauke. M'caka ca 1895 kampani ya North Charterland inapatsidwa dziko la masikweya mailosi 10,000 kumeneko, eni ace asakudziwa. M'caka ca 1924 Boma linaika bungwe lotsogozedwa ndi woweruza Sir Philip Macdonell kuti lipatule malo okhalamo anthu akuda, ochedwa marizevu, ndi kusiya dziko lina lidikire alimi Acizungu. M'bungwemo munalibe munthu wakuda. Mafumu anaitanidwa kudzayankha mafunso, koma colembera cinali m'manja mwa ena. Marizevu anakhazikitsidwa ndi lamulo m'caka ca 1928, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa.

Zotsatira zace zinaoneka msanga. M'marizevu anthu anapanikizana, nthaka inaguga, njala inakhala ya caka ndi caka, ndipo anyamata anathawira ku nchito ku Harare ndi ku migodi. Nalo dziko losiyidwa lija silinalandire alimi amene linali kuwayembekeza; linangomera thengo, nyama zinabwerera, ndi kashembe yemwe. Sir Alan Pim, amene anafufuza za cuma ca dziko lino m'caka ca 1938, anadzudzula makonzedwe amenewa. Potsiriza, m'caka ca 1941, Boma linagula dzikolo kwa kampani ndi kuyamba kubwezeramo anthu. Motero mzere umene unalembedwa m'miyezi yowerengeka unatenga zaka zambiri kuufafaniza.

Malire a nyama analembedwa mwa njira yomweyo. M'caka ca 1938 Boma linapatula nkhalango za m'cigwa ca Luangwa, ndipo Lukusuzi nayenso anapatulidwa m'masiku a ulamuliro wa Azungu. Panali mmodzi amene anaona patali, ndiye Norman Carr. Iye anapangana ndi Mfumu Nsefu m'caka ca 1950 kuti ipatule dera lina losungiramo nyama, ndi kuti ndalama za alendo odzaziona zidzipita kwa anthu a mfumuyo. Koma nzeru imeneyi sinafalikire msanga. Dziko litalandira ufulu, Lukusuzi anakwezedwa m'caka ca 1972 kukhala National Park, ndipo kumadzulo kwace kuli dera la Lumimba, m'mene anthu aloledwa kukhala pamodzi ndi nyama. Popeza anthu anaona kuti nyama zasanduka za Boma, analeka kuzisamala. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mobisa anapulula njobvu zambirimbiri m'cigwamo, ndipo zipembere zinatheratu.

Apa mpamene Boma linazindikira kuti alonda okha sangasunge malire. Lamulo la nyama la 1998, ndi linzace la 2015 limene linalowa m'malo mwace, linalola anthu a dziko la mfumu kukhazikitsa bungwe lao lochedwa Community Resources Board. M'bungwemo mukhala anthu osacepera 7 ndi osapitirira 10 osankhidwa ndi midzi, woimira khonsolo mmodzi, ndi woimira mfumu. Mfumu mwini ndiye nkhoswe yace. Anthuwa sali akalaliki a Boma; ndi alimi amene asiya khasu kukakhala pa msonkhano cifukwa ca anzao. Nchito yao ndiyo kulemba alonda a m'midzi, kuyang'anira gawo la ndalama za ulenje limene libwerera kwa anthu, ndi kuthandizana ndi Boma pokonza mapu onena kuti dera ili nlolima ndi kumanga, ili nlosakamo nyama ndi cilolezo, ili nlosakhudza konse. Nchito yotsirizayi ndiyo yolemera, pakuti woletsa munda aletsa mbale wace amene adya naye m'mbale imodzi.

Tisaganize kuti mlandu unatha. Anthu acuruka, ndipo alimi a thonje ndi fodya afuna mphanje. Ena analowa m'Lukusuzi momwe namanga midzi, ena nakumba miyala ya mtengo wapatali, kufikira m'caka ca 2015 pamene Boma linawatulutsa, iwo nasiya nyumba ndi minda. M'caka comweco Zambia ndi Malawi anapangana kusunga nkhalango za m'malire ao pamodzi, kuti nyama ziziyenda pakati pa Kasungu ndi Lukusuzi monga kale. M'caka ca 2022 njobvu 263 zinatengedwa ku Liwonde kukatulidwa ku Kasungu, ndipo kuyambira pomwepo madandaulo a minda yodyedwa ndi a anthu ophedwa ndi njobvu anacuruka mbali zonse ziwiri. Njobvu siwerenga mapu. Njira imene nduna za maiko ziicha ya nyama, mlimi wa kwa Chikomeni aicha munda wace wa cimanga, ndipo onse awiri anena zoona.

Cifukwa cace malire ayenera kupendedwanso nthawi ndi nthawi, pakuti mzere woyenera masiku a agogo ungathe kupsinja adzukulu. Koma mbiri yationetsa kuti mzere wolembedwa eni ace palibe sukhalitsa, ngakhale ulondedwe ndi mfuti. Inu amene mwatsiriza sukulu mudziwa kuwerenga mapu ndi malamulo; akulu a kwanu adziwa pamene madzi saphwa m'cilimwe, pamene pagona makolo, ndi mikwaso ya njobvu. Tsiku limene mfumu idzaitana msonkhano wa malire, musakatsale kunyumba. Mukakhale pambali pa akuluwo ndi kuwawerengera pepala lonse, asanaikepo cala.