Chinyanja cha ku Keyala ndi Chingerezi cha Makono pa Kasankhidwe ka Asilikali

Mu Novembala 2018 boma la Britain linalengeza kuti anthu a m'maiko a Commonwealth angathe kupempha usilikali m'magulu ake ankhondo ngakhale asanakhalepo m'dzikolo, ndi kuti chaka ndi chaka lidzalandira anthu okwana 1,350. Mbiri imeneyi siinachedwe kufika ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona, kumene anyamata ambiri otsiriza Fomu 4 amangokhala posowa ntchito. Koma yense amene anafunsitsa za njira yake anapeza kuti choyamba chofunika ndicho Chingerezi: kuchimva, kuchilankhula, kuchiwerenga ndi kuchilemba. Tsono chodabwitsa nchakuti makolo a anyamata omwewa anatumikira ufumu womwewo wa Britain zaka zoposa 60, nafika ku Somaliland, ku Ethiopia ndi ku Burma, ambiri a iwo osadziwa Chingerezi. Masiku amenewo wophunzira chilankhulo cha mnzake anali Mzungu wolamula, pamene lero ndi wopempha ntchito. Inu amene mulikukonzekera uphunzitsi muyenera kudziwa m'mene zinthu zinatembenukira chotere, pakuti katunduyo tsopano watsamira pa sukulu zimene mudzaphunzitsamo.

Tiyambe ndi chiyambi cha usilikali wa boma m'dziko muno. Pamene Harry Johnston anayamba kulamula m'chaka cha 1891, anadalira asilikali a mtundu wa Asikh ochokera ku India. Posachedwa anayamba kulemba Atonga a kunyanja ndi Ayao, ndipo mu 1896 linakhazikika gulu lotchedwa British Central Africa Rifles. Mu 1899 ena a asilikaliwa anaoloka nyanja yamchere kunka ku Mauritius, ndipo mu 1900 ena anakamenya nkhondo ya Ashanti m'dziko limene lero tilitcha Ghana. Pa 1 Januwale 1902 magulu a kuno anaphatikizidwa ndi a ku Kenya ndi Uganda pansi pa dzina limodzi la King's African Rifles, limene makolo athu analifupikitsa nati Keyala. Gulu loyamba ndi lachiwiri la Keyala anali a Nyasaland, ndipo kwawo kunali ku Zomba. Maina a misasa yathu ya asilikali akali kukumbutsa maulendo amenewo. Cobbe Barracks ya ku Zomba inatenga dzina la Alexander Cobbe, amene anatsogolera asilikali a kuno ku Somaliland mu 1902, ndipo Moyale Barracks ya ku Mzuzu inatenga dzina la mudzi wa m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene Keyala inalimbana ndi Mataliyana mu 1940.

Nanga munthu ankasankhidwa bwanji? Panalibe kalata yofunsira ntchito, panalibenso mayeso olemba. Olemba asilikali ndiwo ankayenda m'midzi, nthawi zina ndi malipenga ndi ng'oma, nalankhula ndi mafumu. Mnyamata ankayesedwa msinkhu ndi chifuwa, dokotala namupima, ndipo akapezeka wamphamvu ankalembedwa. Ambiri ankakopeka ndi malipiro, zovala ndi kukhululukidwa msonkho. Chinanso chimene Azungu ankayang'ana chinali mtundu wa munthu, pakuti anali ndi chikhulupiriro chakuti mitundu ina inabadwira nkhondo ndipo ina ayi. Chifukwa cha maganizo amenewa Ayao ndiwo anachuluka m'Keyala zaka zambiri, ndipo Achewa a m'chigawo chapakati sankafunidwa kwenikweni. Munthu wophunzira ku mishoni ankamukayikira, poganiza kuti wodziwa kuwerenga amafunsa mafunso ambiri.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya chiwaya, kusankha konseku kunachepa mphamvu chifukwa anthu ankafunika ambiri. Amuna a Nyasaland pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya tengatenga, ambiri mokakamizidwa. Nchifukwa chake John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 yodandaula kuti osauka alikufera nkhondo yosakhala yawo.

Tsono tione za chilankhulo. Mu msasa umodzi munali Myao, Mtonga, Mngoni ndi Mlomwe, ndipo wolamula anali Mngerezi. Kuti onsewa amvane panafunika chilankhulo chimodzi. Ku Kenya ndi ku Uganda Keyala inatenga Chiswahili, koma magulu a Nyasaland anatenga Chinyanja. Mau ofuula pa perete, olamula kutembenuka kapena kuima, anali a Chingerezi, ndipo msilikali ankangowaloweza ngati nyimbo. Zotsala zonse, kufotokoza kagwiridwe ka mfuti, kuweruza milandu, kumva madandaulo, zinkachitika m'Chinyanja. Mzungu wobwera kudzatsogolera gulu ankayenera kuphunzira Chinyanja ndi kulemba mayeso ake. Myao kapena Mtonga amene sanachidziwe bwino kumudzi ankachiphunzira mu msasa momwemo. Motero Keyala inathandiza kufalitsa chilankhulo chathu pamodzi ndi mishoni ndi boma. Ku Northern Rhodesia nakonso asilikali ndi apolisi ankagwiritsa ntchito Chinyanja, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chinazikira mizu mu Lusaka, mzinda umene unasanduka likulu mu 1935.

Asilikali nawonso anabweretsa mau atsopano kumudzi. Mau akuti msilikali anachokera ku Chiswahili, pamene sajeni, kopolo, kaputeni ndi perete anachokera ku Chingerezi. Magule a beni, malipenga ndi mganda, ndi mayendedwe ake a ndawala ndi maudindo ake onga a asilikali, ndi ana a nthawi yomweyo.

Makolo athu ankadziwanso kukapempha usilikali kudziko la eni. Pamene gulu lachiwiri la Keyala linathetsedwa mu 1911 pofuna kusunga ndalama, ena mwa asilikali ochotsedwawo anaoloka malire a kumpoto nakalembedwa ndi Ajeremani, amene ankalipira bwino. Mu 1916, pamene boma la Southern Rhodesia linayambitsa gulu la Rhodesia Native Regiment, ambiri amene analowamo anali amuna a Nyasaland ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko. Konseku munthu ankalandiridwa chifukwa cha thupi lake ndi luso lake, ndipo chilankhulo cha ntchito ankachiphunzira ali m'kati kale.

Komatu tisafulumire kuyamikira masiku amenewo. Chinyanja chinatsegulira mnyamata wa kumudzi khomo la usilikali, koma kusowa Chingerezi kunamuikira malire. Mabuku a malamulo a nkhondo, mapu ndi makalata a boma zonse zinali m'Chingerezi, ndipo udindo wotsogolera gulu unasungidwira Azungu okha. Munthu wakuda, ngakhale atamenya nkhondo ziwiri, ankalekezera pa usajeni wamkulu. Kunali kwapafupi kwa boma kuti Azungu owerengeka aphunzire Chinyanja kusiyana ndi kuphunzitsa asilikali zikwi chilankhulo chimene chikanawayeneretsa kulamula.

Nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, ndiyo inayamba kusintha zinthu. Amuna a Nyasaland oposa 25,000 analembedwa, namenya ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Nkhondo imeneyi inali ya magalimoto ndi mawailesi, kotero panafunika oyendetsa, otumiza mauthenga, makalaliki ndi othandiza madokotala. Anthu ophunzira aja amene kale ankakayikiridwa anayamba kufunidwa. Linakhazikitsidwa gulu la East African Army Education Corps lophunzitsa asilikali kuwerenga, kulemba ndi Chingerezi, ndipo ambiri mwa alangizi ake anali aphunzitsi Achiafirika. Asilikali ambiri amene anachoka kwawo osadziwa chilembo anabwerako akulemba okha makalata. Pamene magulu a Nyasaland anatumizidwa ku Malaya kuyambira mu 1952, kunali koonekeratu kuti msilikali wam'tsogolo adzakhala munthu wa sukulu.

Pa 6 Julayi 1964 dziko linalandira ufulu, ndipo gulu loyamba la Keyala linasanduka Malawi Rifles. Pofunika atsogoleri akuda, anasankhidwa amene anali ndi Chingerezi chokwanira kukaphunzira ku Britain, ndipo mu 1972 Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kulamula asilikali onse a dziko lino. Mu 1968 Chichewa chinalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko, koma Chingerezi chinatsala pa ntchito za boma. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzinda unakula, kunamangidwa Kamuzu Barracks, ndipo ana a m'makomboni anakula akuona asilikali tsiku ndi tsiku. Koma wofuna kulowa gulu la nkhondo la Malawi makono amafunsidwa satifiketi ya MSCE, imene munthu sapatsidwa akalephera Chingerezi. Motero ngakhale kwathu konkuno khomo la usilikali linachoka pabwalo la mfumu nkupita m'kalasi.

Ku Britain khomolo lakhala likutsegulidwa ndi kutsekedwa monga mwa kusowa kwa eni ake. Mu 1998 anachotsa lamulo lakuti munthu wa ku Commonwealth ayambe wakhala m'dzikomo zaka 5, ndipo Amalawi ena analowa pamodzi ndi anthu a ku Fiji, Ghana ndi Jamaica. Mu 2013 lamulolo linabwezeretsedwa, mu 2016 analola anthu 200 okha pachaka, ndipo mu 2018 analichotsanso. Kuyambira pamenepo opempha akhala ochuluka kuposa malo, kotero kuti kulandira makalata kumaimitsidwa nthawi ndi nthawi. Wopempha amalemba zonse pa intaneti m'Chingerezi. Akaitanidwa amafunika chiphaso cholowera m'dzikomo, munthu womusunga, ndi ndalama za ulendo zochokera m'thumba mwake. Akafika amapimidwa ndi dokotala, amathamanga, amalemba mayeso a nzeru ndi masamu, ndipo amafunsidwa mafunso pamaso, nayesedwa ngati amva ndi kuyankha msanga. Banja limene lagulitsa ziweto kapena malo kuti mwana akwere ndege lingataye zonsezo pa tsiku limodzi ngati mwanayo achita chibwibwi pofunsidwa. Ndipo ulendowu uli ndi zoopsa zina. Mu Novembala 2019 anyamata awiri, wina wa ku Malawi wina wa ku Ghana, anamwalira atathamanga pa mayeso a ku Lichfield. Ofufuza anakhudzanitsa imfazo ndi chibadwa cha m'magazi chotchedwa sickle cell, ndipo zitatero akuluakulu anayamba kuyeza magazi a opempha asanathamange.

Maiko ena ali ndi njira zawo. Anyamata a ku Nepal ofuna kulowa gulu la Gurkha amasankhidwira kwawo ku Pokhara, koma nawonso amalemba mayeso a Chingerezi ndi masamu. Gulu la alendo la dziko la France, limene linayamba mu 1831, silifunsa Chifalansa pakhomo, pakuti limaphunzitsa lokha munthu akalowa. Chimene limafuna nchakuti munthuyo adziwe kuwerenga ndi kulemba chilankhulo cha kwawo. Lamulo ili ndi loyenera kuliganizira, chifukwa lionetsa chimene aphunzitsi akale ankachidziwa, kuti wodziwa kuwerenga chilankhulo cha amake savutika kuphunzira china.

Nanga inu, aphunzitsi a mawa, mutolepo chiyani? Si ntchito yanu kukopa ana kuti akamenye nkhondo za maiko ena, ndipo mbiri ya tengatenga itichenjeza kuti mwini nkhondo amaitana mlendo pamene iye wasowa anthu. Koma mwana wa ku Area 23 kapena ku Area 25 amene adzafuna usilikali, unamwino kapena ntchito ina iliyonse kunja adzayesedwa pa zimene inu munamupatsa. M'mera mpoyamba. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, koma lamulo palokha silitsegula pakamwa pa mwana. Mwana amene wakhala zaka 8 akungokopera za pabolodi ndi kuyankha pamodzi ndi anzake angathe kukhoza mayeso olemba, nasowa chonena munthu mmodzi akamufunsa funso limodzi. Mupatseni mpata woima yekha, afotokoze njira yochokera kwawo kufika kusukulu, afunse, ayankhe, poyamba m'Chichewa kufikira atazolowera kulongosola maganizo ake, pambuyo pake m'Chingerezi.

Ndipo pophunzitsa mbiri, muwauze ana kuti chilankhulo chimene amalankhula kunyumba chinamveka pa perete ku Mauritius, ku Ethiopia ndi ku Burma, ndi kuti anyamata a ku England ankakhala pansi usiku kuloweza mau ake poopa kulephera mayeso. Mwana wodziwa zimenezi adzaphunzira Chingerezi monga chida cha ntchito, osachita manyazi ndi chilankhulo cha makolo ake.