Mitengo ya Boma pa Phiri la Ndirande

Mtsinje wa Mudi umachokera pa phiri la Ndirande, n'kutsikira ku mafakitale a ku Makata mpaka kukadutsa pafupi ndi msika wa Blantyre. Ukasefukira timathamangira kudandaula za ngalande zotsekeka ndi mapulasitiki. N'zoona, koma madziwo amafika m'tauni atatenga kale liwiro kumtunda, kumene kulibe chowagwira.

Ife amene tinakulira m'munsi mwa phirili m'zaka za m'ma 1980 timalikumbukira lili bii ndi paini ndi bulugamu. Inali nkhalango yotetezedwa kuyambira nthawi ya atsamunda. Amayi ankakwera m'mamawa kukatola nkhuni zouma, khutu lili kwa mlonda wa folesiti. Pansi pa paini pankakhala masamba ofewa ofika m'akakolo, ndipo mvula ikagwa usiku, mtsinje wa Nasolo unkadzaza pang'onopang'ono, madzi ake osafiira kwenikweni. Komabe sindinamvepo munthu akunena kuti "mitengo yathu". Tonse tinkati mitengo ya boma.

Mawuwo ali ndi gwero lake. Lamulo la zachilengedwe la 1946, lomwe linakhwima m'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, linkakakamiza alimi kuunga mizere yopingasa, kukumba milambala ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Anthu ankazitcha malimidwe, ndipo mkwiyo wake unawonjezera mphamvu ku chipani cha Nyasaland African Congress. Nzeru yake inali yabwino, koma inabwera ndi unyolo, ndiye agogo athu anaphunzira kuti kuteteza nthaka ndi chilango.

N'chifukwa chake referendamu ya 1993 itadutsa, mantha atatha, nkhwangwa zinakwera phiri masanasana. Mitengo inapita ku matabwa, ku nkhuni, ku mauvuni a njerwa, ndipo m'malo mwake munalowa chimanga. M'zaka zochepa chabe Ndirande anatsala miyala. Mtima umandiwawa ndikaliyang'ana, koma sindingatukwane odulawo: anali anthu osowa ntchito, akudula chinthu chimene sanauzidwepo kuti n'chawo.

Njira ina inali itayesedwa kale. Mu 1986, ndi thandizo la dziko la Norway, pulojekiti ya Blantyre City Fuelwood inayamba kudzala bulugamu m'midzi ya m'maboma a Blantyre, Chikwawa ndi Zomba, kuti mzinda uzipeza nkhuni osagwetsa mapiri ake. Anthu akumudzi anapeza ganyu ya kunazale, yokumba maenje ndi yolambula njira zotchinga moto. Lamulo la nkhalango la 1997 litabwera, minda ya mitengoyo inaperekedwa ku makomiti a m'midzi. Kwa ine apa ndi pamene boma linafika pafupi kwambiri ndi yankho, ngakhale kuti umwiniwo unabwera mochedwa, malipiro atayamba kuuma.

Za ku phiri la Soche tonse tikuzidziwa. Mu January 2015 madzi anagumula nyumba ku Chilobwe, m'munsi mwa phirilo. Mu March 2023 namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala ikuluikulu pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo mabanja ena anatha onse. Mvula ija inali yoopsa moti mitengo siikanaletsa zonse, koma phiri lometedwa, nyumba zitakwera mpaka m'khosi mwake, linalibe poigwirira.

Lero ntchito za mthandizi, zimene zinayamba ndi MASAF m'zaka za m'ma 1990, zatembenukira ku chilengedwe. Anthu akukumba maswale, kudzala vetiva pa akalozera, kutseka zigwembe ndi miyala ndi nsungwi, n'kulandira kangachepe pamwamba. Ndimakondwera nazo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti malipiro ambiri ndi a masiku odzala. Mbande ya mbawa kapena katope imafuna kupaliridwa kwa zaka zingapo, imafuna woipirikitsira mbuzi m'chilimwe ndi woitchingira moto wa osaka mbewa mu September. Amenewo ndi amene ndikufuna kuti mzinda wa Blantyre uwalembe ntchito yokhazikika, kuyambira ku gwero la Mudi.