Mabuku a Manambala a Opima Dziko

Inu amene mugwira nchito pansi pa mgodi mumdziwa saveya, munthu uja wa cipangizo ca miyendo itatu, amene asonyeza njira kuti okumba mbali iyi akakomane ndi okumba mbali inayo. Lero tikamba mbiri ya manambala amene anthu otere alemba, ndi m'mene manambalawo anacokera m'mabuku a m'thumba nalowa m'mafailo a kompyuta.

Tiyambe ndi kwathu kum'mawa. Munthu wa kwa Kapichila, m'boma la Lundazi, akatenga mapu a boma apeza mitsinje ndi mapiri a kwao, ndiponso malire a Zambia ndi Malawi, amene atsata mtunda wogawa madzi, ena kunka ku Luangwa ndi ena ku nyanja. Nanga wojambula mapuwo anadziwa bwanji poika phiri liri lonse? Opima dziko ayamba ndi kuyesa bwinobwino mzere umodzi pa cigwa. Atatero akwera mapiri, namanga zipilala pamwamba, nayesa ngodya kucokera phiri ili kuloza phiri ilo. Pakuti utali wa mzere woyamba udziwika, mitunda yonse yotsala ipezeka ndi masamu.

Nchito yotere inayambika kumwera ndi David Gill, mkulu wa nyumba yoonera nyenyezi ku Cape Town, amene anafuna unyolo wa zipilala wofika mpaka ku Egypt. Pakati pa 1903 ndi 1906 Dr Tryggve Rubin wa ku Sweden anaupitiriza m'dziko lathu lino, kucokera ku Zambezi kulinga ku nyanja ya Tanganyika. Unyolo wonse unalumikizika m'caka ca 1954, ndipo mapu ambiri a Zambia ndi Malawi anakhazikika pa miyeso yochedwa Arc 1950.

Koma panali bvuto. Diso la munthu liphonya pang'ono, cipangizo naconso ciphonya pang'ono. Cifukwa cace opima ayesa kambiri koposa m'mene kufunikira, ndipo miyesoyo siibvomerezana kweni-kweni. Carl Friedrich Gauss wa ku Germany, amene anapima dziko la Hanover kuyambira 1821, anaphunzitsa njira yogawira kuphonyako pa miyeso yonse, kuti pasakhale cipilala cimodzi cosenza colakwa ca zinzace. Manambala aikidwa m'tebulo lalikulu la mizere yopingasa ndi yotsika, ndipo zosadziwika zicotsedwa cimodzi-cimodzi kufikira citatsala cimodzi cokha. Cimeneco cikapezeka, mlembi abwerera m'mbuyo napeza zinzace zonse. André-Louis Cholesky, wopima dziko wa gulu la nkhondo la France, anafupikitsa nchitoyi; iye anafa pa nkhondo mu 1918, ndipo njira yace inasindikizidwa mu 1924. Masiku amenewo zonsezi zinacitika ndi manja, alembi akukhalira tebulo limodzi miyezi yambiri.

Tsopano taganizani za kukula kwa tebulolo. Tinene kuti zipilala ziri 1,000. Ciri conse cifuna manambala awiri osonyeza malo ace, ndiye kuti zosadziwika ziri 2,000, ndipo tebulo liri ndi zipinda 4,000,000. Koma munthu woima pa phiri limodzi aona mapiri oyandikana nalo okha, kapena asanu kapena asanu ndi limodzi. Phiri la ku Lundazi silipenyana ndi phiri la ku Mbala. Motero zipinda zocuruka koposa mulibe kanthu, muli ziro. Pamene makompyuta anadza, akatswiri anaona kuti kusunga ziro zonsezo n'kudzaza nkhokwe ndi mankhusu. Anayamba kulemba zipinda zokhala ndi kanthu zokha, pamodzi ndi malo ace m'tebulo.

Panatsala funso lina. Munthu akanena kuti wapeza njira yofulumira yowerengera, tidziwa bwanji kuti anena zoona? Sikelo ya pa msika iyesedwa ndi mwala wodziwika kulemera kwace, ndipo njira za masamu nazonso zifuna coyesera cimene onse acibvomereza. Iain Duff wa ku Harwell ku England, ndi Roger Grimes ndi John Lewis a kampani ya ndege ya Boeing ku America, anasonkhanitsa matebulo ocokera ku nchito zeni-zeni, nawalengeza mu 1989 ndi dzina la Harwell-Boeing. M'menemo muli matebulo a opima dziko la Britain ndi la Holland, a mawaya a magetsi, ndi a zomanga-manga. Kalembedwe ka mafailowo kanatsata makadi obooledwa a makompyuta akale, mzere uli wonse wosapitirira zilembo 80.

M'caka ca 1996 bungwe la boma la America loona za miyeso, la NIST, linatsegula nkhokwe yochedwa Matrix Market, ndi kalembedwe kapafupi. Pamwamba pa failo alemba kucuruka kwa mizere yopingasa, mizere yotsika, ndi zipinda zokhala ndi kanthu. Pansi pace mzere uli wonse uli ndi zinthu zitatu: mzere wopingasa, mzere wotsika, ndi nambala yace. Mwana wa sukulu angathe kuliwerenga. Pambuyo pace Tim Davis wa ku University of Florida anakulitsa nkhokwe yoteroyo, ndipo lero, ndi dzina la SuiteSparse, isunga matebulo oposa 2,000 amene munthu ali yense angawatenge pa intaneti kwaulere.

Kodi izi zitikhudza bwanji ife? Magetsi ocokera ku Kariba kufika ku migodi ayenda m'mawaya amene akatswiri awawerengera ndi matebulo otere, pakuti siteshoni iri yonse ilumikizana ndi zinzace zowerengeka, monga mapiri aja. Masamu omwewo ayesa kulimba kwa mlatho ndi kwa mwala wozungulira mgodi, ndipo ndiwo alongosola malire a munda wa munthu wofuna pepala la malo ace. Njira yosayesedwa bwino ingasunthe malire kapena kusokeretsa okumba, ndipo wobvutika adzakhala munthu wamba amene sanaonepo tebulolo.

Cifukwa cace, mukaona cipilala ca simenti pa phiri la kwanu, musacigumule, ndipo muletse ana kucisewera, pakuti malo ace analembedwa m'matebulo amene mapu a mudzi wanu atsamirapo.