Eddyfirth: sitima yomwe inabadwa ntchito yake itatha kale

M'chaka cha 1982, sitima ina yaing'ono ya boma la Britain inafika mumzinda wa Seville ku Spain kuti akaiphwasule n'kugulitsa zitsulo zake. Dzina lake linali Eddyfirth, ndipo nambala yake inali A261. Inali itagwira ntchito kwa zaka 27, kunyamula mafuta a gulu la asilikali apanyanja a dzikolo. M'mabuku otchuka a mbiri ya nkhondo zapanyanja n'kovuta kupezamo dzina limeneli, chifukwa olemba amakonda sitima zamizinga ndi akazembe oziyendetsa. Koma ine ndikuona kuti moyo wa kasitima aka ukutiuza chinthu chimene mabuku oterowo amachilambalala: mphamvu ya gulu lankhondo imathera pamene pathera mafuta ake.

Kuti timvetse chifukwa chake sitima yotere inamangidwa, tibwerere kaye m'mbuyo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sitima zankhondo za Britain zinkayendera malasha, ndipo malasha abwino ankakumbidwa komweko, ku Wales. Winston Churchill atakhala nduna yoyang'anira asilikali apanyanja mu 1911, analimbikitsa zoti sitima zazikulu ziyambe kuyendera mafuta. Ubwino wake unali woonekeratu: sitima imathamanga kwambiri, imapita kutali, ndipo sipafunikanso chinamtindi cha anthu oponya malasha m'ng'anjo ndi mafosholo. Vuto linali loti Britain inalibe zitsime za mafuta. N'chifukwa chake mu 1914 boma linagula magawo 51 pa 100 alionse a kampani ya Anglo-Persian Oil Company, yomwe pambuyo pake inadzakhala BP. Kuyambira pamenepo, dontho lililonse linkayenera kuwoloka nyanja, kusungidwa m'mathanki a kudoko, kenako n'kuperekedwa ku sitima imene ikulifuna.

Ntchito yopereka imeneyi inali m'manja mwa bungwe la Royal Fleet Auxiliary, mwachidule RFA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1905. Sitima zake ndi zaboma, koma oziyendetsa si asilikali ayi. Ndi amalinyero wamba, ofanana ndi a pa sitima zamalonda, ndipo mbendera yawo ndi yobiriwira ngati mtambo, yokhala ndi chithunzi cha nangula. Amatsatira sitima zankhondo kulikonse kumene zapita, ngakhale kumene kukugwa mabomba.

Eddyfirth inali imodzi mwa sitima zisanu ndi zitatu zopangidwa mofanana, zonse mayina awo oyamba ndi Eddy: Eddybay, Eddybeach, Eddycliff, Eddycreek, Eddyfirth, Eddyness, Eddyreef ndi Eddyrock. Iyoyo inamangidwa ndi kampani ya Lobnitz ku Renfrew, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland. Anaitsitsira m'madzi mu 1953 ndipo inayamba ntchito mu 1954. Kutalika kwake kunali pafupifupi mamita 87, inkanyamula mafuta oposa matani 1,600, ndipo injini yake inali yoyendera nthunzi, yamtundu wakale ngakhale pa nthawi imeneyo. Sinkathamanga. Oipanga sanaone chifukwa choti izithamanga, poti m'maganizo mwawo sitima zankhondo zinkayenera kubwera kudoko, kuponya nangula, ndiye kasitima ka mafuta n'kuyandikira pambali n'kuzimwetsa.

Apa ndiye pagona nkhani. Njira imeneyi inali itayamba kale kutha sitimazi zisanamangidwe n'komwe. Mu 1945, gulu la sitima zankhondo za Britain linapita kukamenyana ndi Japan m'nyanja ya Pacific, kutali kwambiri ndi likulu lake ku Sydney. Kumeneko linapeza kuti Aamerika anali atazolowera kuthira mafuta sitima zikuyenda pakati pa nyanja. Sitima ziwiri zinkayenda moyandikana pa liwiro limodzi, mapaipi atalumikizidwa pakati pawo, ndipo yankhondoyo ikakhuta inkabwerera kunkhondo osaona doko kwa masabata angapo. Anthu a ku Britain ankadalira kwambiri njira yokoka paipi kumbuyo kwa sitima ya mafuta, yomwe inali yochedwa, komanso mapaipi ankaphulika kawirikawiri. Phunziro linali lowawa koma lomveka: m'tsogolo mudzafunika sitima za mafuta zikuluzikulu, zothamanga mokwanira kuyendera limodzi ndi zankhondo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1950, RFA inayamba kulandira sitima zoterezi, za gulu lotchedwa Tide. Choncho Eddyfirth ndi anzake anafika pabwalo gule atasintha kale nyimbo.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Sitimazi zinamwazikana m'madoko osiyanasiyana kumene Britain inali ndi malo a asilikali, zikugwira ntchito zing'onozing'ono. Zina sizinakwanitse n'komwe zaka khumi zikugwira ntchito, ndipo pomafika cha m'ma 1970, zisanu ndi ziwiri zinali zitagulitsidwa kapena kuphwasulidwa. Inatsala Eddyfirth yokha.

Zaka zake zoyambirira inathera ku nyanja ya Mediterranean, ikukhala pa chilumba cha Malta, chomwe kwa nthawi yaitali chinali likulu la sitima zankhondo za Britain m'derali. Koma ufumu umene inkautumikira unali ukufota. Malta inalandira ufulu wodzilamulira mu 1964. Mu 1968, boma la Harold Wilson linalengeza kuti lichotsa asilikali ake ambiri kum'mawa kwa Suez pofika 1971. Madoko akunja amene sitima za Eddy zikanathandizako ankatsekedwa limodzilimodzi. Eddyfirth inabwerera kwawo m'zaka za m'ma 1960, ndipo kuyambira pamenepo inkangoyenda m'mphepete mwa nyanja ya Britain, kuchoka doko ili kupita doko ilo, itanyamula mafuta a ndege ndi oyilo wofewetsera injini.

Ntchito imeneyi ingaoneke yopepuka, koma taganizani bwino. Mafuta a mitundu yosiyana sayenera kusakanikirana, choncho thanki iliyonse ndi paipi iliyonse ziyenera kutsukidwa ndi kuyang'aniridwa. Mafuta a ndege akalowa madzi kapena zinyalala, injini ikhoza kuzima ndege ili m'mwamba, ndipo woyendetsa ndegeyo sadzadziwa n'komwe dzina la munthu amene analekerera. Thanki ikakhuthulidwa ngozi sithera pomwepo, chifukwa mpweya wotsalira m'katimo ukhoza kuphulika ndi kamoto kakang'ono chabe. Onjezerani mafunde ndi chisanu cha nyanja zozungulira Britain. Anthu a m'sitimamo ankachita zimenezi chaka ndi chaka, ndipo umboni woti ankagwira bwino ntchito unali woti palibe ankawatchula.

Wina anganene kuti nkhani ya sitima za Eddy ndi nkhani ya kuwononga ndalama za misonkho basi. Sindikutsutsa kwenikweni. Kumanga sitima zisanu ndi zitatu, zisanu ndi ziwiri n'kuzitaya zikadali zolimba, ndi chizindikiro choti okonza mapulani ankakonzekera nkhondo yadzulo. Komabe kupulumuka kwa Eddyfirth kukuonetsa mbali ina. Sitima yaikulu yothamanga imathetsa vuto la pakati pa nyanja, koma singalowe m'doko lililonse losaya, ndipo n'kuwononga kuituma kukasiya katundu wochepa. Pakati pa fakitale yoyenga mafuta ndi thanki ya padoko la asilikali pamakhalabe mpata wofunika wina woutseka. Luso latsopano linachotsa ntchito imene sitimayi inabadwira, koma linasiya ntchito ina yonyozeka yomwe panalibe woifuna, ndipo Eddyfirth inaigwira mpaka 1981.

Chaka chimenecho chinali chowawa kwa asilikali apanyanja a Britain. Nduna ya zachitetezo, John Nott, inalengeza mapulani ochepetsa chiwerengero cha sitima zankhondo pofuna kupulumutsa ndalama. Eddyfirth, yomwe inali itakalamba ndithu, inapumitsidwa m'chaka chomwecho. Kenako mu Epulo 1982, Argentina inalanda zilumba za Falkland, ndipo Britain inatumiza sitima ulendo wa makilomita pafupifupi 13,000 kukazilanditsa. Eddyfirth sikanathandiza pa ulendo wotere, ndipo sindikufuna kuinamizira ulemerero umene sinaupeze. Koma nkhondo imeneyo inatsimikizira mfundo imene moyo wake wonse unaimira. Sitima za RFA zoposa 20 zinapita nawo, ndipo boma linachita kubwerekanso sitima za mafuta za makampani wamba kuti mzere wa mafuta usaduke. Amalinyero wamba aja anafa limodzi ndi asilikali: pa 8 Juni 1982, sitima ya RFA yotchedwa Sir Galahad inaphulitsidwa ndi ndege za Argentina, ndipo anthu 48 anataya miyoyo yawo.

Kwa ife amene tikuphunzira mbiri, chiyeso chachikulu ndi kuthamangira tsiku la nkhondo ndi dzina la wopambana, chifukwa n'zimene zimakoma polemba komanso n'zimene zimabwera pamayeso. Sitima ngati Eddyfirth imatikakamiza kufunsa mafunso ena. Mafuta anachokera kuti? Anawanyamula ndani, ndipo ankalipidwa zingati? Ndani anasankha kumanga chombo chakutichakuti, ndipo ankaganiza kuti dziko lidzakhala lotani chikadzatha kumangidwa? Mayankho ake amapezeka m'mabuku a ndalama ndi m'zolemba za tsiku ndi tsiku za m'sitima, zimene ambirife timaziona ngati zogwetsa ulesi. Koma m'menemo ndi mmene mungaone Britain ikuchoka pa malasha kupita ku mafuta, kenako ikuchoka ku Malta kubwerera ku magombe ake. Eddyfirth inayenda ulendo wachiwiriwo ndi injini yake ya nthunzi, itanyamula mafuta a ena.