Mathithi a Victoria: mbiri ya mathithi oyenda chobwerera

Mathithi a Victoria, amene eni dera amawatchula kuti Mosi-oa-Tunya, ali pa mtsinje wa Zambezi, m'malire a Zambia ndi Zimbabwe. M'lifupi mwake ndi mamita 1,708, ndipo pamalo akuya kwambiri madzi amagwa mamita 108. Koma pamene ali leropa si pamene anayambira. Kwa zaka zikwizikwi akhala akusendera kumtunda kwa mtsinje, ndipo mmene anadutsa mukuonekabe.

Mbiri yake imayamba zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, mtsinjewu kulibe. Chiphalaphala chamoto chinkatuluka pansi n'kuyala dziko, china pamwamba pa chinzake, mpaka chinasanduka thanthwe lakuda lochindikala kwambiri lotchedwa basalt. Pozizira, thanthwelo linang'ambika ngati matope a m'dambo m'mwezi wa Okutobala. Ming'alu ikuluikulu inagona kuchoka kum'mawa kupita kumadzulo, ina yocheperapo inalunjika kumpoto ndi kum'mwera. M'kupita kwa nthawi munadzaza dongo ndi laimu, zinthu zofewa poyerekeza ndi mwala wa m'mbali mwake.

Zambezi anafika pamalopa mochedwa. Akatswiri a miyala amati kale madzi a kumtunda kwake ankalowera kum'mwera, n'kuthera m'nyanja yaikulu imene lero yangotsala zidikha za mchere za Makgadikgadi ku Botswana. Pambuyo pake madziwo anapeza njira ya kum'mawa, n'kuyamba kuyenda pamwamba pa thanthwe lija.

Apa m'pamene ntchito yeniyeni inayambira. Mtsinje ukafika pa mng'alu woupingasa, umafukula dongo lija pang'onopang'ono mpaka pakhale chigwembe, ndipo madzi onse amagwera mmenemo. Amenewo ndi mathithi. Koma mlomo wa phompho sukhala wofanana paliponse. Pamene patsika pang'ono, madzi amathamangirapo ambiri, atanyamula mchenga ndi miyala zimene zimapala thanthwe usana ndi usiku. Malowo amakumbika chobwerera motsata umodzi wa ming'alu ing'onoing'ono, kufikira atakumana ndi mng'alu wina waukulu kumtunda. Umenewonso umafukulidwa, mathithi atsopano n'kubadwa, akale aja n'kuuma, kusanduka khoma chabe.

N'chifukwa chake kunsi kwa mathithi mtsinje umakhotakhota modabwitsa, kupita kumadzulo, kubwerera kum'mawa, kenaka kumadzulonso. Khoma limodzi la chigwembe chilichonse linali mathithi pa nthawi yake, aakulu ngati a lerowa. Madzi amene kumtunda amatambalala pafupifupi makilomita awiri amatulukira pampata wa mamita ongopitirira 100, n'kukazungulira mwaukali padziwe lotchedwa Boiling Pot. Kupitirira apo kuli chigwembe cha Batoka, chotalika makilomita oposa 100, chonsecho chokumbidwa ndi madzi.

Anthu akhala m'derali kuyambira kalekale, ndipo zida zawo zamiyala zimapezeka m'mphepete mwa zigwembezi. Atonga ndi mitundu ina ankawadziwa bwino mathithiwa David Livingstone asanabadwe, choncho kunena kuti iye ndiye anawatulukira n'kulakwitsa. Anafikapo mu Novembala 1855 pabwato, moperekezedwa ndi Amakololo a mfumu Sekeletu, n'kuwapatsa dzina la mfumukazi ya ku Britain. Ena mwa Amakololo amene anadzayenda naye pambuyo pake anakhazikika kuchigwa cha Shire ku Malawi. Mu 1905 unamangidwa mlatho wa sitima wodutsa pachigwembe chachiwiri kuchokera pa mathithi, ndipo mu 1989 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la malo ofunika padziko lonse.

Kukumbako sikunathe. Cha mu Epulo, mtsinje ukadzaza, nthunzi imabisa zonse. Mu Okutobala ndi Novembala mbali yaikulu ya ku Zambia imauma, thanthwe n'kuonekera poyera, koma kumapeto a kumadzulo, mbali ya Zimbabwe, madzi salekeza. Malowo amatchedwa Devil's Cataract, ndipo mlomo wake watsika kale kusiyana ndi mbali zina zonse. Pachilumba choyandikana nawo palinso mng'alu umene madzi ayamba kuufukula. Akatswiri amati m'dera limeneli ndimo Zambezi wayamba kukumba njira ya mathithi otsatira, ntchito imene idzatenga zaka zikwi zambiri.