Mbiri ya Mawu Oti "Kachirombo"

Makolo akati "chirombo" ankanena nyama yolusa ya kutchire monga mkango kapena kambuku. "Kachirombo" kanali kanthu kakang'ono kokwawa kapena kouluka, monga nankafumbwe wa m'nkhokwe. Chiphunzitso choti matenda ambiri amayamba ndi zamoyo zosaoneka ndi maso chitafika m'Malawi, mawu omwewa ndi amene anasenza tanthauzo latsopanolo.

Ku Ulaya nako zinayamba chimodzimodzi. M'zaka za m'ma 1670, Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, m'dziko la Netherlands, anaona tinthu tikuyendayenda m'dontho la madzi pogwiritsa ntchito galasi lokuza zinthu, ndipo anatitcha tinyama ting'onoting'ono. Patapita zaka, akatswiri anayamba kutisiyanitsa. Mu 1882 Robert Koch anapeza bakiteriya woyambitsa chifuwa chachikulu. Mu 1898 Martinus Beijerinck, pofufuza matenda a masamba a fodya, anaona kuti choyambitsa chake chimadutsa pa sefa yomwe mabakiteriya amakanika kudutsapo. Anachitcha virus, mawu a Chilatini otanthauza poizoni. Koma Chichewa sichinagawe choncho: bakiteriya, vayirasi ndi Plasmodium woyambitsa malungo, zonsezi ndi tizirombo basi.

Odwala Edzi oyamba atapezeka m'Malawi mu 1985, tanthauzo la mawuwa linayamba kuchepa. Anthu ankaopa kutchula matendawa ndi dzina, choncho "ali ndi kachirombo" inasanduka njira yonenera HIV mozungulira. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, mawu oti "kachirombo ka korona" anakumbutsa anthu kuti tizirombo tilipo tamitundumitundu, komabe tanthauzo la HIV silinachoke m'makutu mwa ambiri.

Mbiriyi ikuvutitsabe m'zipatala mpaka lero. Mayi amene wauzidwa kuti "m'magazi mwa mwana mwapezeka kachirombo" atha kupita kwawo akulira, pomwe wachipatala amanena za malungo. Wodwala chimfine akamva kuti wadwala chifukwa cha tizirombo, amakagula amoxicillin poganiza kuti mankhwala opha tizirombo amapha tonse. Chonsecho amoxicillin amalimbana ndi mabakiteriya okha, vayirasi samukhudza, ndipo kumwa mankhwalawa mwachisawawa kumachititsa kuti mabakiteriya asiye kuwamva.

N'chifukwa chake mlangizi wa zaumoyo sayenera kulekeza pa mawu oti "kachirombo". Atchule kuti ndi ka matenda anji, kamafala bwanji, ndipo kamamva mankhwala ati. Akatero apemphe wodwalayo kuti abwereze zimene wamva asanatuluke m'chipinda.